Bwalo la Alembi: Tereza wanga ndi wabwino, nanga anthu akugoneranji?

FUNSO

Mayi, ndine mtsikana wa zaka 19, ndimakhala ku Ulongwe, ku Angonia m'dziko la Mozambique, ndipo ndamaliza kalasi ya 12. Ndikulemba nkhani yopeka yaitali m'chiyankhulo chathu. Mpangankhani wanga wamkulu ndi Tereza, wa zaka 20, wamasiye, wokongola, waulemu ndiponso wopemphera. Anabadwira ku Malawi makolo ake atathawa nkhondo. Amayi ake omupeza amamuzunza koma iye sabweza choipa. Pomaliza akwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize n'kuyamba moyo wabwino. Nditawerengera asuweni anga mitu iwiri yoyamba, mmodzi anagona, winayo anati, "Tereza wakoyo ndi mngelo, upite naye kutchalitchi." Kodi chikusowa n'chiyani?

Mlembi wongoyamba, Ulongwe

YANKHO

Mwana wanga, msuweni wakoyo usamukwiyire, wakuuza zoona kwaulere.

Tiyambe ndi masamu, poti ndiwe wa kalasi ya 12. Nkhondo imene anthu a kuno anathawira ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza inatha pa 4 Okutobala 1992, tsiku limene boma la Frelimo ndi a Renamo anasaina pangano la mtendere ku Rome. Ambiri anabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995. Mwana wobadwira kothawirako lero wapyola zaka 30, mwinanso ali ndi ana ake akusukulu. Mgodi waukulu wa Moatize, umene kampani ya Vale inatsegula, unayamba kutulutsa malasha mu 2011. Ndiye ngati chibwenzi chake chikugwira ntchito kumeneko masiku ano, Tereza wa zaka 20 sanabadwire ku msasa wa othawa. Alipo enanso a ku Tete kuno amene anathawira ku Kapise, ku Mwanza, mu 2015 ndi 2016, koma wobadwa nthawi imeneyo akadali ku pulayimale. Owerenga a ku Angonia aona msanga kuti zaka sizikugwirizana, chifukwa pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene anawoloka malire. Nkhondoyo uipereke kwa amayi ake a Tereza. Ndibwererako posachedwa.

Funso limene ndimayamba nalo munthu akandibweretsera nkhani ndi ili: mtsikanayu akadzuka m'mawa akufuna chiyani? M'kalata yako ndapeza zimene anthu amamuchitira. Amamuzunza, amamukonda, amamukwatira. Chimene mwini wakeyo akuthamangira sindinachione. Ukati akufuna moyo wabwino, ndikuyankha kuti aliyense wokwera chapa ya ku Tete m'mawa akufunanso zomwezo. Mpatse chinthu chimodzi choti wowerenga angachiloze ndi chala, n'kudziwa tsiku limene wachipeza kapena chamupulumuka.

Ndikubwereke chitsanzo, ukachikana udzapeze chako. Amayi a Tereza anasiya dimba la mbatatesi m'mphepete mwa mtsinje kufupi ndi Domwe. Atamwalira, malume ake, amene pa mwambo wathu ndiwo eni mbumba oyenera kusunga malo a ana a mlongo wawo, analibwereketsa kwa wamalonda wina ndipo ndalama akudya okha. Tereza akulifuna dimbalo mvula isanathe kuti abzale mbewu ya m'chilimwe, chifukwa mbatatesi zimenezo ndizo zilipirire mlongo wake wamng'ono Zeka malo ogona ku sekondale. Waona? Chofunidwa chilipo, nthawi ikutha, ndipo akalephera pali wina amene alire.

Lamulo la malo la Mozambique la 1997 likukuthandiza kulemba nkhaniyi. Limati nthaka yonse ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma amene ali pa malo mwa mwambo wa kwawo ali ndi ufulu pa malowo ngakhale alibe DUAT, pepala la boma lotsimikizira ufulu wogwiritsa ntchito malo. Ufuluwo umasiyidwa kwa ana, wamkazi kapena wamwamuna mosasiyanitsa, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa. Choncho Tereza safunikira loya wa ku Tete. Akufunikira mboni, agogo amene anaona amayi ake akukumba ngalande za dimbalo ndi khasu lawo. Gwira mfundo imeneyi, chifukwa chofooka chake chibadwira pomwepa.

Alembi ongoyamba ndikawauza kuti apatse mtsikana wawo chofooka, amabwera ndi zonga izi: amakhulupirira anthu msanga, ali ndi chifundo chopyola muyeso, ndi wokongola moti anzake amamuchitira nsanje. Kumeneko n'kumuyamikira mozembera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere, ndipo wowerenga amang'amba mkuyuwo kufuna nyererezo. Chofooka chenicheni chimapweteka munthu wosalakwa, komanso chimatsekera mwini wake njira yopita ku chimene akufuna.

Tereza wathuyu sapempha kanthu kwa munthu, ndipo amasunga mangawa. Pa maliro a amayi ake kunali mvula yamvumbi, mabanja ena sanagone ku siwa. Iye anawaloweza onse mayina, ndipo kuchokera pamenepo maliro a m'mabanja amenewo sapondako. Iwe wakulira kuno, ukudziwa chimene mudzi umachita ndi munthu wosayenda m'maliro. Tsiku la bwalo kwa anyakwawa, agogo aja adzangoyang'ana pansi n'kumakonza mpango. Palibe amene adzaname. Adzangoti takalamba, taiwala.

Ukatero malume sakufunikanso kukhala chilombo. Akhoza kukhala bambo wochezeka, wa ngongole ya feteleza, amene sajomba maliro ndipo amafika ndi nkhuni asanaitanidwe. Mudzi umawakonda, ndipo wowerenga nayenso adzawakonda pang'ono, zimene zidzamusowetsa mtendere. Amayi omupeza ankhanza aja uwapumitse. Atopa, mlembi aliyense amawatuma ntchito yomweyo.

Nanga Tereza anakhaliranji chonchi? Nkhondo ija ikulowa apa. Amayi ake anawoloka malire ali kamtsikana mu 1986, chaka chimene anthu ochuluka zedi a ku Tete ndi Zambezia anathawira ku Malawi. Anakulira pa mzere wolandira ufa, nyemba ndi mafuta, akuona mayi wawo wowabereka akugwadira kalaliki wamng'ono msinkhu kuti dzina lisadumphidwe m'kaundula. Atabwerera mu 1994 anathyola dimba lija okha, n'kulumbira kuti mwana wawo sadzatambasulira munthu dzanja. Tereza anayamwa lumbiro limenelo. N'chifukwa chake ndi wakhama, n'chifukwa chakenso ndi wouma mutu. Ine ndimakonda mpangankhani wotere, amene chimene umamusirira nacho n'chomwecho chimene chikumuwononga, chifukwa sangachitaye mwachisawawa monga potaya nsapato yothina. Kuti asinthe ayenera kukhala ngati wakana amayi ake.

Iwe mlembi uyenera kudziwa zonsezi. Gula kope lina ulembemo chaka chimene aliyense anabadwa, kumene anali mu 1992, amene anamulipirira sukulu, chimene amaopa usiku. Koma kopelo lisalowe lonse m'buku. Ukayamba mutu woyamba ndi masamba anayi a mbiri ya agogo, msuweni wako agonanso. Zakale zizituluka pang'onopang'ono, pa nthawi imene zikusokoneza za lero. Mwachitsanzo:

Mwini golosale anakankhira botolo la mafuta kwa iye. "Tengani, mudzamaliza Loweruka." Tereza anayang'ana botololo, kenako anamasula mfundo ya kapulana n'kuwerenganso makobidi ake pathebulo, limodzilimodzi, anthu a kumbuyo kwake akudikira. Anaperewera 15 meticais. "Pungulani," anatero. Bamboyo anapungula mafutawo akupukusa mutu. Atatuluka, Zeka anafunsa chimene anakanira. "Amayi anaima pa mzere zaka 8," anayankha osamucheukira. "Zinakwana."

M'mizere imeneyi wowerenga wamva nkhondo, wamva umphawi, wamva kunyada, ndipo palibe pamene ndamuuza kuti Tereza ndi wonyada. Kenako chofookacho chilume. Tsiku la mayeso a Zeka ndalama ya chapa yasowa, mayi woyandikana nawo wabwera yekha ndi ndalama m'manja, Tereza wakana chifukwa mayiyo ali pa mndandanda wa osagona ku siwa. Ayenda wapansi, afika chitseko chatsekedwa. Zeka sanalakwe kanthu koma wataya chaka. Apa msuweni wako adzamutukwana Tereza mokweza, ndipo mawa lake adzabwera kudzafunsa mutu wotsatira.

Usaiwale kumupatsako kenakake kosekerera, pakuti munthu wokwiya masamba 200 amatopetsa. Mwina amadziwa kutsanzira mayankhulidwe a anyakwawa mpaka Zeka kugwa ndi phwete. Mwina ndi wokonda mpira wa pa wailesi, ndipo tsiku limene UD Songo inatenga ligi ya Moçambola mu 2017 ndilo lomaliza limene anaona amayi ake akuvina. Tinthu totere timamupanga kukhala wa kuno, wa zaka zino, wosiyana ndi Tereza wina aliyense.

Mnyamata wa ku Moatize musiye akhalepo ngati wamukonda, koma malipiro ake asagule mathero a nkhani. Akangofika ndi galimoto n'kuwombola dimba, ndiye kuti buku lonse Tereza wangonyamulidwa. Ine ndikanamulola kuti anene mwachikondi kuti alipira wamalonda uja, Tereza n'kukana mwaukali, chibwenzi n'kugwedezeka. Pachimake pa nkhani pakhale maliro enanso, a m'banja la agogo omwe akufunika umboni wawo. Tereza aime pakhomo ndi mbale ya ufa m'manja, akudziwa kuti akalowa ku siwa amayi adzanong'onezana kuti wabwera chifukwa cha dimba, ndipo theka la zonong'onazo ndi zoona. Alowa kapena abwerera? Dimba alipeza lonse, kapena mbali yokha, kapena ayi? Zimenezo ndakusiyira. Ukalemba mutu wa malirowo unditumizire.

FUNSO

Mayi, ndine mphunzitsi ku Furancungo. Ndikufuna kulemba sewero loti ana adzachite pa 7 Epulo, lonena za azakhali anga amene ali mtsikana ankasenza katundu wa asilikali pa nkhondo yomenyera ufulu. Akadali moyo. Ndikuopa kuwapatsa zofooka, abale angati ndikuwanyoza. Nditani?

Mphunzitsi, Furancungo

YANKHO

Aphunzitsi, mantha anuwo ndi omveka, ndipo njira yake ndi yachidule: musalembe azakhali anu. Lembani mtsikana wa dzina lina, wa mudzi wina, amene mwamuumba ndi zimene mwamva kwa azakhaliwo komanso kwa amayi ena awiri kapena atatu a msinkhu wawo. Abale adzaonamo azakhali pang'ono koma sadzatha kunena kuti uyu ndi uje.

Tsiku la 7 Epulo timakumbukira amayi a dziko lino chifukwa ndi tsiku limene Josina Machel, mayi womenyera ufulu wa m'gulu la Frelimo, anamwalira mu 1971. Gulu la akazi la Frelimo, Destacamento Feminino, linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo nkhondo inayaka ku Tete kuno mu 1968. Izi ana anu amazimva chaka ndi chaka, ndipo masewero ambiri a tsikuli amangokhala malankhulidwe ovala kapulana. Mtsikana amatuluka, amanena kuti ndikufuna ufulu wa dziko langa, anthu amaomba m'manja, mawa lake aiwala. Wanuyo akhale wa zaka 15 zenizeni. Ufulu aufune ndithu, koma pakhale chinanso chapafupi chomusenzetsa katunduyo, monga mng'ono wake amene anatsekeredwa m'midzi ija Apwitikizi ankasonkhanitsiramo anthu, ya aldeamento, ndipo iye akuganiza kuti ulendo uliwonse ukumuyandikitsa kumeneko.

Mukapita kukacheza ndi azakhali musawafunse kuti nkhondo inali yotani, adzakupatsani mawu a pa msonkhano. Afunseni kuti nkhata ankapota ndi chiyani, ankadya chiyani pa ulendo, ankawoloka mitsinje nthawi yanji, ndani pa mzere wa osenza amene sankagwirizana naye, ndiponso chimene ankalota kudzagula nkhondo ikatha. Chofooka cha mpangankhani wanu chidzatuluka m'mayankho otere, ndipo chikhale chanu chopeka. Mwina ndi wamantha pa madzi, tsiku lina anagwetsera katundu mumtsinje n'kunamizira mnzake, mnzakeyo n'kulangidwa. Ana a kalasi ya 7 amadziwa bwino kunamizira mnzako, ndipo adzakhala chete kudikira ngati aulule.

Seweroli mukamaliza, kawawerengereni azakhali kaye ana asanayambe kuloweza. Chigawo chimene akana, chichotseni. Akaseka n'kunena kuti sizinali choncho, tulutsani cholembera mulembe zimene anene kenako.