Mwanayo sanalakwe kufunsa za liwiro la mdima

Mayi, pepani kwambiri. Ndawerenga zimene mwalemba muno mugulu, zoti mwana wanu wa Fomu 1 wasekedwa m'kalasi chifukwa cha funso limene anafunsa aphunzitsi, mtima ukundiwawa, ndiye mundikhululukire ndikatalikitsa. Mwana wanuyo sanalakwe kufunsa kuti ngati kuwala kuli ndi liwiro, nanga mdima umathamanga bwanji. Oyenera kuchita manyazi ndi aphunzitsi amene amuseketsa m'kalasiwo, komanso ena muno mugulu amene mwayamba kale kulemba kuti mwanayo akapempheredwe chifukwa akukonda za mdima. Apempheredwe walakwanji? Kuganiza?

Ine zomwezi zinandigwera ndili Fomu 2, chaka cha kadamsana uja wa pa 21 June 2001. Amene munalipo mukukumbuka, ku Lusaka dzuwa linabisikiratu masanasana, kuno kwathu linadyeka mbali yaikulu, kunja kunachita ngati kukufuna kuda nthawi isanakwane. Zinandikhala m'mutu. Ndiye tsiku lina aphunzitsi a Physical Science analemba pabolodi kuti kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ine n'kukweza mkono. Ndinati, "Sala, nanga mdima umene unabwera tsiku la kadamsana uja unkayenda liwiro lanji?" Sindinkachita chipongwe. Ndinali mwana wofatsa, wokhala benchi lachiwiri, notsi zanga ankabwereka anzanga.

Anaika choko pansi. Anatuma monitala kuti atenge chidebe chokolopera chimene chinkakhala kuseri kwa chitseko, n'kundiitana kutsogolo. Anandipatsa chidebecho n'kunena kuti ndipite kuchimbudzi cha anyamata, kumeneko mdima ndi wambiri, ndikautunge ndibwere nawo kuti tiuyeze liwiro. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Ine ndinaima chilili kuganiza kuti akuseleula, koma anati phunziro silipitirira mpaka nditabwera nawo mdimawo. Ndinatuluka chidebe chili m'manja, kudutsa pamawindo a Fomu 4, anyamata akuluakulu akusuzumira. Ndinakaima kuseri kwa chimbudzi ndikulira mwakachetechete, fungo lili guu, osadziwa kuti ndibwerere kapena ndithawire kunyumba. Nditabwerera analandira chidebe chija, anasuzumiramo, anachionetsa kalasi yonse, n'kunena kuti, "Mwaona? Mulibe kanthu, ngati m'mutu mwakemu." Kenako anandigwaditsa pasimenti chidebe chili chovundikira kumutu mpaka belu kulira. Pansi pake panali titsalira ta madzi okolopera, akuda bii, ndipo tinkadontha kutsikira m'khosi mpaka pashati yoyera. Shatiyo inali imodzi yomweyo. Amayi anaichapa usiku n'kuiyanika pafupi ndi moto, mawa lake ndinaivala ikadali yachinyezi, ikununkha utsi.

Dzina la Chidebe linandikakamira mpaka ndinamaliza sukulu. Sindinakwezenso mkono m'kalasi iliyonse. Pofika Fomu 3 ndinasiya Physical Science, phunziro limene ndinkalikonda kuposa onse. Bambo anga nditawauza anangoti aphunzitsi salakwa, ndipo sanapondeko kusukuluko. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, mwina kuposa chidebecho.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti munthu uja yankho analigwira m'manja mwake koma anasankha kundimenya nalo. M'chidebe munalibedi kanthu chifukwa mdima si chinthu. Akanangonena mawu amenewo mwaulemu, phunziro la tsiku limenelo likanakhala labwino kuposa onse. Kuwala kumachokera penapake, padzuwa, pababu, pakoloboyi, n'kuyenda mpaka kukalowa m'diso. Mdima ulibe kochokera. Ndi malo amene kuwala sikunafike kapena kwatsekeredwa. N'chifukwa chake kulibe tochi yotulutsa mdima, ndipo mukatsegula chitseko cha chipinda chamdima usiku, kuwala kwa pabalaza ndi kumene kumalowa kuchipinda, mdima sutuluka kukadetsa pabalaza.

Koma musamuuze mwanayo kuti basi funso lathera pomwepo, chifukwa yankho lenileni lilipo. Dzuwa lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuwala kwake kumatenga mphindi 8 ndi masekondi pafupifupi 20 kuti kutipeze. Litati lazima pompano, ife tingapitirize kuliona likuwala kwa mphindi 8 zimenezo, chifukwa kuwala kumene kunanyamuka kale kukadali panjira. Kuwala komaliza kukangofika, mdima uli pambuyo pake pomwepo. Zili ngati ngalande ya kudimba: mukatseka madzi kumtunda, kumunsi amapitirizabe kuyenda, ndipo kuuma kumatsatira madzi omalizawo pa liwiro la madzi omwewo. Kuuma sikuyenda, akuyenda ndi madzi. Ndiye ngati mwanayo akufuna nambala, muuzeni kuti malire a kuwala ndi mdima amasuntha pa liwiro la kuwala, mamita 299,792,458 pa sekondi. Magetsi akazima m'nyumba timaona ngati mdima wagwa nthawi yomweyo chifukwa chipinda n'chaching'ono kwambiri kwa chinthu chimene chingazungulire dziko lonse lapansi maulendo 7 ndi theka pa sekondi imodzi.

Za kadamsana zimene ndinafunsa ine zili ndi yankho lina. Uja unali mthunzi wa mwezi ukudutsa pamwamba pa dziko, ndipo mthunzi umenewo umasesa pansi pa liwiro loposa makilomita 1,500 pa ola, malinga ndi mmene mwezi ndi dziko zikuyendera. Mthunzi ndi wodabwitsa. Mutakhala ndi tochi yamphamvu yowalitsa chinthu chakutali kwambiri, n'kudutsitsa chala patsogolo pake, mthunzi wa chalacho ungathe kusesa kumeneko mofulumira kuposa kuwala. Akatswiri sakangana nazo zimenezi, chifukwa palibe chinthu chimene chachoka mbali ina kupita mbali ina, ndipo simungatumize uthenga pa mthunzi wotero. Lamulo la Albert Einstein la mu 1905 limaletsa zinthu ndi mauthenga kupitirira liwiro la kuwala, silikhudza mthunzi.

Ndipo tamverani izi, aphunzitsi amenewo akazimve. Munthu woyamba kusonyeza kuti kuwala kuli ndi liwiro anagwiritsa ntchito mdima. Kale anthu ophunzira ambiri ankati kuwala sikutenga nthawi, kumangofika. Ole Rømer, wa ku Denmark, akugwira ntchito ku Paris, ankayang'anitsitsa kamwezi ka pulaneti ya Jupiter kotchedwa Io, kamene kamazungulira Jupiter pa maola pafupifupi 42 ndi theka. Ulendo uliwonse kamalowa mumthunzi wa Jupiter n'kuzimiririka, kenako n'kutulukanso. Iye anaona kuti dziko lathu likamatalikirana ndi Jupiter, kamweziko kamachedwa kutuluka mumdima, likamayandikira kamafulumira. Mu 1676 ananeneratu kuti kutuluka kwa mu November kuchedwa ndi mphindi pafupifupi 10, ndipo zinaterodi. Anati chikuchedwa si kamweziko, ndi kuwala kumene kwatalikiridwa ulendo. Bwana wake, Cassini, sanagwirizane nazo, ndipo panapita zaka zoposa 50 kuti James Bradley wa ku England abweretse umboni wina umene unathetsa mkangano. Mu 1849 Hippolyte Fizeau anayeza liwirolo pansi pompano, ndi gudumu la mano 720 lozungulira mothamanga ndi kalilole woikidwa pamtunda wa makilomita oposa 8. Anthu anathera moyo wawo pa mafunso amenewa, ndiye wina aziseka mwana wa Fomu 1 chifukwa chowafunsa?

Palinso china chimene nditachiwerenga koyamba ndili wamkulu kale ndinagwetsa misozi, chifukwa ndinaona zimene ndinamanidwa. N'chifukwa chiyani usiku kumada? Aliyense ayankha kuti dzuwa lalowa. Koma nyenyezi nazonso ndi madzuwa. Zikanakhala zopanda malire, zili paliponse ndiponso zakhalapo kuyambira kalekale wopanda chiyambi, kulikonse kumene mungayang'ane diso lanu likanagwera pa nyenyezi, thambo lonse likanakhala mbee usiku ndi usana. Johannes Kepler anavutika nalo funsoli mu 1610, dokotala wina wa ku Germany, Heinrich Olbers, analembanso za ilo mu 1823, ndipo lero limadziwika ndi dzina lake. Yankho lake lagona pa liwiro la kuwala lomwelo. Chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 13.8 biliyoni, kuwala kuli ndi malire a liwiro, ndiye kuwala kwa nyenyezi zakutali kwambiri sikunatipezebe. Kwinanso kunafika kotambasuka chifukwa chilengedwe chikufutukuka, maso athu sangakuone. Kuwala kukanakhala kongofika osatenga nthawi, nkhani ya usiku ikanakhala ina. Mwana wanuyo waphatikiza zinthu ziwiri zimene zimayenderadi limodzi, ndipo waziona yekha popanda womuuza.

Ngakhale nyenyezi zimene timaziona, timaona zakale. Yoyandikira kwambiri dzuwa lathu, Proxima Centauri, kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kufike kuno. Mwezi timauona mmene unalili sekondi imodzi ndi pang'ono zapitazo.

Ndikudziwa wina alemba kuti aphunzitsi amavutika, ana ndi ambiri m'kalasi, malipiro ndi ochepa, labu kulibe. N'zoona, achemwali anga enieni ndi mphunzitsi, ndimaziona. Koma kunena kuti "sindikudziwa, ndikafufuze, tidzakambirane Lolemba" sikulira labu. Mphunzitsi wanga uja sankadziwa yankho, anachita mantha kuti ana amutulukira, ndiye anaona kuti bola kuphwanya mwana wa eni ake. Ndinadzakumana naye pamaliro ena patapita zaka, anandipatsa moni bwinobwino akumwetulira, osandikumbuka n'komwe. Iye anaiwala tsiku lomwelo, ine ndinasintha njira ya moyo. Lero ndimalumikiza ma solar m'nyumba za anthu, ntchito imene ndinaiphunzira poyenda ndi amisiri, ndipo ndimaithokoza chifukwa ikudyetsa ana anga. Koma ndinkafuna kupita patali ndi sayansi, ndipo mutu wake ndinali nawo.

Tsono mayi, langizo langa ndi ili. Musathamangire kusukulu mawa mutakwiya, ndipo kwa ahedi musapiteko msanga. Aphunzitsi oterewa akaitanidwa ku ofesi amakasungira mwana chakukhosi, mayeso a teremu amachonga ndi iwo omwewo, ndipo wovutika adzakhala mwanayo inu muli kunyumba. M'kalasi mwa aphunzitsi amenewo, pakadali pano, angolemba notsi n'kuyankha zimene zili m'buku kuti akhoze. Mafunso ake azibwera nawo kwa inu, mumugulire kope lapadera azilembamo, kapena apeze mphunzitsi wina pasukulupo amene amamvetsera ana, sasowa mmodzi. Koma lero lomwe, asanagone, mumuuze ndi pakamwa panu kuti funso lake linali lanzeru ndiponso kuti inu muli kumbali yake. Akamuputanso kachiwiri, pamenepo ndiye mupite, ndipo musapite nokha, mutenge bambo ake kapena amalume ake.

Mumuonetsenso zinthu ndi maso. Tengani rimoti ya TV, muzimitse magetsi, muilozetse pa kamera ya foni n'kudina batani. Maso saona kanthu, koma pa mafoni ambiri muona kababu kakutsogolo kakuphethira. Kumeneko ndi kuwala kwa infrared, kumene William Herschel anakutulukira mu 1800 ataona kuti thermometer, choyezera kutentha, ikukwera pamalo amene maso ake sankaonapo kuwala kulikonse. Adziwe kuti malo amene ife timati pali mdima nthawi zambiri pamakhala kuwala kumene diso la munthu silikugwira. Mvula ikayamba, muziwerenga naye masekondi kuchokera pamene mphezi yang'anima mpaka bingu kumveka, muli m'nyumba osati panja. Kuwala kumafika nthawi yomweyo, phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, ndiye masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Akawerenga 9, mphezi yagwa makilomita 3 kuchokera pakhomo panu.

Ndipo ikadzafika nthawi yosankha maphunziro ku Fomu 3, olo atalira bwanji kuti aphunzitsi ake ndi omwewo, musadzalole kuti asiye Physics.