Kodi shopu yanga ifa ndikapanda kulowa pa Facebook?

FUNSO: Alangizi, ndine telala pa boma la Mchinji, ndipo ndasoka zaka 14. Ndili ndi makina atatu ndi atsikana awiri ondithandiza. Timasoka mayunifolomu a sukulu, zovala za amayi a Chigwirizano ndi madiresi a pa chinkhoswe. Mwana wanga amene ali ku koleji ku Lilongwe wandiumiriza kuti nditsegule peji pa Facebook, ndilowenso TikTok ndi Instagram, apo ayi ndatsalira. Mnyamata wina akuti ndizimulipira pamwezi kuti azindiyendetsera masamba amenewa. Telala mnzanga kutsidya kwa msewu amajambula mavidiyo tsiku ndi tsiku, ndipo ndikaona mtima umandithawa. Pa foni ine ndimadziwa WhatsApp basi. Ndichitenji? — Mayi wa ku Mchinji

YANKHO: Mayi, khazikani mtima pansi. Shopu imene yadyetsa banja zaka 14 siingafe mawa chifukwa cha vidiyo ya mnzanu. Komabe mwana wanu musamunyoze, chifukwa pali zina zimene akunena zoona.

Musanagule bandulo ina iliyonse, tengani buku lanu la maoda, lija mumalembamo miyezo ndi madipoziti. Werengani maoda 20 omalizira, ndipo pa oda iliyonse mudzifunse kuti munthu ameneyu anandidziwa bwanji. Ndikukhulupirira kuti mupeza kuti wina anaona diresi la mlamu wake pa chinkhoswe n'kufunsa wosoka, wina anatumidwa ndi amayi a kumpingo, wina ndi mphunzitsi wamkulu amene amabwera chaka chilichonse sukulu zikamayandikira kutsegulira. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti Amalawi 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Mayi wochokera ku Kamwendo kapena ku Kapiri amene wagulitsa soya n'kubwera ndi chitenje chake m'jumbo sanakufuneni pa Instagram. Ngati makasitomala anu ndi otere, uthenga wa pa wailesi ya Mudzi Wathu ukhoza kukufikitsani patali kuposa TikTok.

Pamene mwana wanu walasa ndi pa atsikana a pa chinkhoswe. Amenewo amabwera atagwira foni, n'kukuonetsani chithunzi kuti "ndisokereni sitayilo iyi." Iwowa ali pa masamba a mchezo ndithu, ndipo mukhoza kuwapeza osachoka pa chimene mukuchidziwa kale. Muuzeni mwana wanu akuikireni WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere. Ili ndi malo oikapo zithunzi za katundu ndi mitengo yake, nthawi imene mumatsegula ndi kutseka, komanso uthenga wodziyankha wokha mukakhala kutali ndi foni. Diresi likatha, lisiteni bwino, lipachikeni pa khoma loyera panja m'mawa dzuwa lisanakwere, mujambule kutsogolo ndi kumbuyo, muike pa sitetasi. Sitetasi imakhala maola 24, ndipo amaiona ndi anthu amene anasunga nambala yanu inunso mutasunga yawo. Choncho kasitomala aliyense asatuluke musanasinthane manambala. Nambalayo ilembedwenso pa chikwangwani ndi pa lisiti.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Ndili ndi shopu ya zitenje ku Limbe ndinatsegula peji chifukwa cha mantha omwewa. Sabata ziwiri zoyamba ndinkaika zithunzi, kenako ntchito inandichulukira, peji ndinaiiwala. Nditadzaitsegula patatha pafupifupi mwezi, ndinapeza uthenga wa mayi wina wofuna zitenje 30 zofanana za pa ukwati wa mwana wake. Analemba katatu. Kachitatuko anangoti, "Kaya munatseka." Ndinamuimbira, koma ukwati unali utachitika kale. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa mayiyo anapita akuganiza kuti ndine munthu wosasamala, pomwe akanabwera pa shopu ndikanamulandira ndi manja awiri. Peji yosayankhidwa imaononga dzina kuposa kusakhala nayo. Ndiye musatsegule khomo limene mulibe munthu wolilondera. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji anayi.

Za mnyamata uja, sindikuti ndi wakuba, ena amaidziwadi ntchitoyi. Koma mukagwirizana naye, peji itsegulidwe pa nambala yanu, pasiwedi mukhale nayo inu, ndipo ndalama za makasitomala zizilowa mu foni yanu, osati yake. Mukapanda kutero, tsiku limene mudzasemphane adzapita ndi peji pamodzi ndi anthu onse amene amaitsatira. Mumuyese mwezi umodzi. Akabwera kudzakuonetsani kuti anthu 500 alayika chithunzi, inu mutsegule buku lija mufunse kuti mwa amenewa ndi angati anasiya dipoziti. Muphatikize malipiro ake, mabandulo ndi maola amene atsikana anu anasiya makina n'kumajambula. Zikaposa phindu la maoda amene peji yabweretsa, musiyeni mwaulemu. Mnzanu wa kutsidya uja mumaona mavidiyo ake, buku lake simunalione.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani kuti musamale. Mukayamba kulandira maoda pa foni, akathyali nawo afika. Wina akutumizirani uthenga wooneka ngati wochokera ku Airtel Money kapena Mpamba kuti ndalama zalowa, kenako n'kuimba kuti watumiza zambiri molakwitsa, mumubwezere. Musadule nsalu kapena kubweza kalikonse musanaone nokha balansi yanu, ndipo PIN yanu musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani. China ndi zithunzi za anthu. Musaike nkhope ya kasitomala asanavomere, makamaka ana a sukulu mutawayesa yunifolomu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024, komanso mwamuna wa munthu akaona chithunzi cha mkazi wake chikuzungulira m'magulupu iye osadziwa, kasitomala ameneyo mwamutaya. Jambulani chovala chokha.

Musataye buku la pepala lija. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, ndipo foni imabedwa kapena kugwera m'madzi. Manambala ndi miyezo ya makasitomala zikhalenso pa pepala.

Mwana wanu akabwera ku holide, mupatseni ntchito: akuphunzitseni WhatsApp Business mpaka muzitha kuika chithunzi nokha iye palibe, aphunzitsenso mmodzi mwa atsikana anu. Musankhe nthawi yoyankha mauthenga, monga masana pa chakudya ndi madzulo mukatseka, kuti foni isamakuimitseni makina. Pakatha miyezi itatu muwerengenso maoda. Mukaona kuti a ku Lilongwe kapena a ku Chipata ayamba kufunsa, apo mukhoza kutsegula peji ya Facebook, ndipo mundilemberenso kuti tikambirane za katumizidwe ka katundu pa minibasi.