Mwana akamathawa nambala yaikulu pa masamu

Mayi wina wa ku Lizulu wafunsa kuti: "Mwana wanga ali Fomu 2. Akauzidwa kuti apeze ma prime factor a nambala yaikulu ngati 75,600 amangodumpha funsolo. Ndimuthandize bwanji poti ine sukulu ndidalekera panjira?"

Mayi, chimene chikumusowa mwanayo ndi poyambira. Prime ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 ndi iyo yokha basi, ndipo ma prime factor ndi ma prime amene akachulukitsidwa amabweretsa nambala yapatsidwayo. Nambala yaikulu timaiphwanya pang'onopang'ono, monga mmene thumba la mbatatesi limagawidwira m'zidebe pamsika wanuwo.

Ayambe wayang'ana kumapeto. 75,600 ikuthera ndi ziro awiri, ndiye kuti ndi 756 × 100, ndipo 100 ndi 2 × 2 × 5 × 5. Yatsala 756. Poti ikuthera ndi 6, igawika ndi 2: apeza 378, kenako 189. Apa aphatikize 1 + 8 + 9, apeza 18. Popeza 18 imagawika ndi 9, nayonso 189 igawika ndi 9, ndipo yankho ndi 21, yomwe ndi 3 × 7, pomwe 9 ndi 3 × 3. Akasonkhanitsa zonse, 75,600 = 2⁴ × 3³ × 5² × 7.

Mzere umenewu ndi chuma, chifukwa umayankha mafunso enanso. Akafunsidwa kuti nambalayi ili ndi ma factor (manambala amene amaigawa osatsala kanthu) angati, awonjezere 1 pa power iliyonse (kanambala kakang'ono ka pamwamba kaja) n'kuchulukitsa: 5 × 4 × 3 × 2 = 120. Ambiri amaiwala kuti 7 ali ndi power ya 1 ngakhale siilembedwa, ndipo amapeza 60. Akafunsidwa ngati ndi perfect square, kutanthauza nambala yopezeka pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe, aone ngati ma power onse akugawika ndi 2. Apa 3 ndi 1 sakugawika, choncho ayi. Koma akaichulukitsa ndi 21 apeza 1,587,600, yomwe ndi 1,260 × 1,260.

Malikisi amatayika kwambiri mwana akaima msanga. Amasiya 9 kapena 21 poganiza kuti ndi prime. Zopusitsa kwambiri ndi 51, 57 ndi 91, zomwe ndi 3 × 17, 3 × 19 ndi 7 × 13. Komanso 1 si prime. Yoyamba ndi 2.

Inu gawo lanu silifuna masamu ambiri. Mwanayo aloweze ma prime number 15 osafika 50, kuyambira 2 mpaka 47, inu muzimumvetsera mutagwira kope. Akamaliza funso, muuzeni achulukitse zomwe wapezazo: 2⁴ × 3³ × 5² × 7 ndi 16 × 27 × 25 × 7, ndipo ikapanda kubweretsa 75,600, penapake paphonyeka. Alembenso sitepe iliyonse, chifukwa njira nayo imapatsa malikisi.

Musachedwe nazo, mayi. HCF, LCM, ma fraction ndi ma surd a ku Fomu 3 amatsamira pa luso limeneli, ndipo maphunziro ngati a uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS amafuna kuti mwana akhoze bwino masamu pa MSCE. Sabata ino ayesere 5,040 ndi 27,720, akawaonetse aphunzitsi ake.