Yankho: Kodi Manda Hill ndiye molo yoyamba mu Lusaka?

Amalume, mwafunsa ngati Manda Hill ndiye molo yoyamba kuno. Inde, idatsegulidwa mu 1999 pa Great East Road, molo ya Arcades n'kubwera pambuyo pake. Kale tonse tinkagula ku Cairo Road ndi ku Kamwala.

Koma poyamba sinali yotsekeka ngati lero. Masitolo adangondandalikana, khonde kutsogolo, magalimoto pabwalo. Mvula ikagwa, munthu unkathamanga ndi tirole ya Shoprite, buledi atanyowa kale. Denga, nyumba yam'mwamba ndi poimika magalimoto posanjikizana zidadza ataikonzanso cha m'ma 2010.

Atati aikonzenso, ine ndingati ayambe ndi polowera. Madzulo a Loweruka, kuchoka pamsewu kufika pageti umatha kumaliza chimanga chowotcha chonse uli m'galimoto.