Kwa amai a mnyamata amene akufuna ntchito ya mawu a m'mafilimu

Amai, mwafunsa ngati mwana wanu amene wangomaliza giredi 12 kuno ku Chipata angapeze chakudya ndi ntchito yokonza mawu m'masewero ndi m'mafilimu, ndiponso ngati muyenera kumugulira zida panopa. Ntchitoyo ilipo ndithu, ndipo musamuletse. Koma ndalama za zida zisungeni kaye, chifukwa chimene chimamupatsa munthu ntchito imeneyi ndi khutu lozolowera kumvetsera.

Anthu ambiri akamva za mawu amaganiza za amene amaimika masipika pa ukwati. Ntchito yake ndi yozama kuposa pamenepo. Pojambula filimu, wokonza mawu amagwira maikolofoni ya pa mtengo wautali, ija amati boom, pamwamba pa osewera, kuti mawu awo amveke bwino popanda maikolofoniyo kuoneka pa chithunzi. Akabwerera pa kompyuta amawonjezera zonse zimene sizinatoleke: mapazi pa fumbi, chitseko cha malata, tambala kuseri kwa khola, belu la njinga. Zambiri amazipanga yekha ndi manja akuyang'ana chithunzi, luso limene amalitcha foley. Pa siteji n'kovutirapo chifukwa palibe kubwereza. Ayenera kulidziwa sewero lonse ngati mmene wosewera amalidziwira, kuti bingu ligunde pa nthawi yake, anthu asanayambe kuseka.

Poyambira pali pafupi. Tili ndi Breeze FM ndi Radio Maria m'tauni muno. Apite akapemphe kuthandizako, ngakhale kukulunga mawaya, bola aone mmene amadulira ndi kulumikiza mawu. Alowenso gulu la sewero la kutchalitchi kapena la sukulu ina yapafupi, chifukwa magulu otere nthawi zambiri alibe munthu woganizira za mawu. Foni imene ali nayo imakwanira poyamba. Pulogalamu ya Audacity, yodulira mawu pa kompyuta, ndi yaulere, ndipo akadzapeza laputopu yamphamvu, DaVinci Resolve nayo ili ndi mbali yaulere yokonzera mawu a filimu. Azolowere kutchera chojambulira chake pa 48 kHz, chifukwa ndiwo muyezo wa mawu a m'mafilimu.

Chimene ndikufuna amvetse kwambiri ndi ichi: mawu ojambulidwa moipa savuta kuwononga filimu yonse, ndipo kompyuta siwachiritsa kwenikweni. Owonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, koma akalephera kumva zimene wosewera akunena amachoka. Choncho asanajambule aime chete amvetsere malowo. Kodi firiji ikulira? Jenereta ya oyandikana nawo yayaka? Chigayo chili pafupi? Nthawi ya mvula denga la malata limameza mawu onse, ndipo panja mphepo imaomba maikolofoni ngati sanaiveke chophimba cha ubweya. Akamaliza chigawo chilichonse apemphe onse akhale chete kwa mphindi imodzi, ajambule kachetechete ka chipindacho. Kameneko ndi kamene adzatsekere mipata podula mawu, ndipo oyamba kumene amakaiwala kawirikawiri.

Mukafuna kumugulira kanthu, yambani ndi mahedifoni abwino otseka makutu onse. Kenako kachipangizo kojambulira ka m'manja monga Zoom H1n. Masipika akuluakulu ayi.

Za sukulu, zambiri zili ku Lusaka. Afunse ku ZAMCOM ndi ku Evelyn Hone College za maphunziro a wailesi, kanema ndi nyimbo. Kulinso MultiChoice Talent Factory, imene inatsegulidwa mu 2018 ndipo imaphunzitsa za mafilimu. Imatenga achinyamata ochokera m'maiko angapo a kum'mwera kwa Africa, ndiye malo ndi ochepa, ndipo wopita ndi ntchito yoti aonetse amakhala patsogolo.

Ndisakubisireni, Amai: malipiro a ntchito imeneyi sabwera mwezi ndi mwezi. Amabwera ntchito ikapezeka. Kuno azidalira kujambula makwaya, malonda a pa wailesi, ndi mavidiyo a mabungwe, ndipo azigwirizana mtengo asanayambe.

Koma pokhala wa kuno ali ndi mwayi umene wa ku Lusaka alibe. Wokonza filimu ya kumudzi akasowa mawu amatenga pa intaneti, ndipo umamva mbalame zachilendo zikulira m'mudzi wa Achewa. Mwana wanu angathe kusonkhanitsa mawu enieni a kwathu: mgugu wa mapazi a Angoni pa Nc'wala ku Mtenguleni mu February, ng'oma za pa Kulamba ku Mkaika mu August, mitondo m'mawa, mvuu za mu Luangwa ku Mfuwe. Fayilo iliyonse ailembe malo, tsiku ndi nthawi. Pa za gule wamkulu apemphe kaye kwa akuluakulu, ajambule za pabwalo zokha, kudambwe asayandikireko.

Sabata ino mumutume ku msika wa Kapata ndi foni yake. Ajambule ogulitsa, njinga ndi mabasi, adule zikhale mphindi zitatu zoti munthu wotseka maso adziwe kumene ali komanso nthawi yake. Akapita ku wailesi kukapempha malo, anyamule zimenezo.