Nyenyezi ziwiri zija za Python

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo. Akuti ali ndi function yake, `tenga_tsamba(url)`, yomwe mkati mwake imaitana `requests.get`, function ya library ya `requests` yotengera tsamba pa intaneti. Akufuna kuti woigwiritsa ntchito azitha kuwonjezera `timeout` (nthawi yodikira yankho la seva) kapena `headers` (uthenga wowonjezera wopita ndi pempholo) akafuna, koma ma `if` ofufuza ngati chakuti chaperekedwa amutopetsa. Funso lake: palibe njira yachidule?

Ilipo ndithu, bwanawe:

```python
def tenga_tsamba(url, **kwargs):
    return requests.get(url, **kwargs)
```

Nyenyezi zapamwambazo zimatolera chilichonse chobwera ndi dzina n'kuchiika mu dictionary. Zapansizo zimamasula mtolowo n'kuupereka kwa `requests.get` monga unabwerera. Chomwe munthu sanapereke sichipita n'komwe. Dzina loti `kwargs` ndi chizolowezi chabe, ntchito ili pa nyenyezi.

Mwina mukuti bwanji osangolemba `timeout=None` n'kumupatsira choncho? Apa ndiye pamene ambiri amapunthwa, inenso ndinagwapo. Kupereka `None` n'kosiyana ndi kusapereka kanthu. Ku `requests` simungaone vuto, chifukwa kumeneko `timeout` amayamba ali `None` kale, kutanthauza kudikira mpaka kalekale. Koma yesani `httpx`, library ina yogwira ntchito ngati ya `requests`. Mukapanda kutchula kanthu imadikira masekondi 5, pomwe mukaipatsa `None` mwaiuza kuti isataye mtima ngakhale seva itakhala chete tsiku lonse. Pulogalamu yanga ina inangoti zii usiku wonse chifukwa cha kamzere kameneka, popanda error ngakhale imodzi.

Ngati mukufuna kuti pazikhala nambala yanu pomwe munthu sanatchule yake, musalembe `requests.get(url, timeout=10, **kwargs)`. Tsiku lomwe wina adzabwere ndi `timeout` wake, Python idzakana ndi TypeError yoti dzina limodzi lalandira zinthu ziwiri. Ikani `kwargs.setdefault("timeout", 10)` pamwamba pa `return`, basi.

Komabe ine `kwargs` sindimukonda paliponse. Amameza chilichonse. Wina akalemba `timout` molakwitsa, function yanu imalandira mosangalala, error n'kukatulukira mkati mwa `requests`, kutali ndi pomwe panalakwika. Editor nayonso siyingakuuzeni mayina ololedwa. Choncho ngati mukudziwa kuti ndi `timeout` ndi `headers` zokha, zitchuleni poyera:

```python
def tenga_tsamba(url, *, timeout=10, headers=None):
```

Nyenyezi yayokhayo inabwera ndi Python 3.0 mu 2008. Imakakamiza kuti zonse zapatsogolo pake ziziperekedwa ndi mayina, ndiye palibe angalembe `tenga_tsamba(url, 30)` n'kukusiyani mukudabwa kuti 30 ndi wachiyani.