Nkhuku zotupa nkhope: kodi Haemophilus n'chiyani?

Mayi wina woweta nkhuku za mazira wanditumizira imelo. Akuti nkhuku zawo zatupa nkhope, maso amatirira, zikutuluka mamina onunkha, ndipo mazira achepa. Dokotala wa ziweto wawauza kuti ndi "Haemophilus". Akufunsa ngati ndi chitopa, komanso ngati ana angatengere.

Mayi, si chitopa ayi. Chitopa chimayamba ndi vayirasi ndipo chimapulula khola lonse. Awa ndi mabakiteriya, ndipo matenda ake amatchedwa coryza. Nkhuku zofa sizichuluka, koma mazira amatha kutsika ndi 10 mpaka 40 peresenti. Zizindikiro zimaoneka pakangopita tsiku limodzi mpaka masiku atatu nkhuku itatenga matendawa.

Dzina lakuti Haemophilus limatanthauza "wokonda magazi", chifukwa mu labotale mabakiteriyawa samera popanda zinthu zina zopezeka m'magazi. Wa nkhukuyu akatswiri anamusintha dzina mu 2005 kukhala Avibacterium paragallinarum, ngakhale ambiri akadali pa dzina lakale. Ali ndi abale ake. Wina amagwira ana a nkhumba akangoleka kuyamwa, n'kutupitsa molumikizana mafupa ndi nembanemba zokuta mapapo ndi mtima. Matendawo anawafotokoza dokotala wa ziweto wa ku Germany, Karl Glässer, mu 1910. Wina, Histophilus somni, amayambitsa chibayo mu ng'ombe ndipo nthawi zina amafika ku ubongo.

Koma chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: nkhuku yochira siinachire kwenikweni. Mankhwala amaphwetsa nkhope, nkhuku n'kuyambanso kudya, koma mabakiteriya amatsalira m'mphuno mwake, mwina moyo wake wonse. Mukabweretsa misoti yatsopano n'kumamwera pamodzi, pakutha pa sabata mwayambiranso. Ndiye vuto la alimi ambiri limenelo. Amati mankhwala ndi achabe, chonsecho gwero lili m'khola momwemo. Kunja kwa thupi la nkhuku mabakiteriyawa sachedwa kufa, choncho gulu lakale likachoka, tsukani khola ndi zomwera, lisiyeni lopanda nkhuku kwa masabata awiri kapena atatu. Zatsopanozo zilandire katemera zisanayambe kuikira.

Za ana, mtima m'malo. Haemophilus woopsa kwa ana ndi influenzae wa mtundu b, uja amapewedwa ndi katemera wa Hib, ndipo amafala pakati pa anthu okhaokha. Chosamala ndi mazira a nkhuku zimene zili pa mankhwala: musadye kapena kugulitsa mpaka masiku olembedwa pa botolo atakwana.